Mabokosi Ofiira Padenga la Alandilodi

Masitepe okwerera padenga la nyumba ya alandilodi ndinasiya kuwawerenga kalekale, miyendo inali itawaloweza yokha. Zaka ziwiri ndi theka ndinkakwera nyumba yosanja katatuyo nditasenza dothi, mbewu, sikelo ndi kabuku, mpaka anthu ochita lendi m'menemo anandipatsa dzina loti Mlimi wa M'mwamba. Dzina langa lenileni palibe ankalifuna, ndipo ine mphamvu zokangana nawo ndinalibe.

Ku yunivesite ndinkafufuza funso limodzi. Kodi munthu wa m'tauni, wopanda dimba, amene madzi amachita kutunga ndi chigubu, angalime masamba padenga akuthirira kamodzi kokha pa sabata? Dothi langa ndinalisakaniza ndi fumbi la makala ndi mankhusu a mpunga kuti lizisunga chinyontho. Mabokosi a mpiru ndinawagawa pawiri. Omangidwa kansalu kachikasu ndinkawathirira masana aliwonse. Omangidwa kansalu kofiira, khumi ndi awiri, ankalawa madzi Lolemba lokha, jagi imodzi pabokosi. Akapirira, ndiye kuti dothi langa ndi labwino. Akafota, ndiye kuti si labwino, ndipo ndinkayenera kulemba zomwezo popanda kudzimvera chisoni.

Mbewu zoyamba zinadyedwa ndi mbalame. Zachiwiri zinaphwanyidwa ndi matalala. Izi zinali zachitatu komanso zomaliza, chifukwa ku yunivesite chaka chachitatu chikatha, wosamaliza amangomufufuta m'kaundula. Nalo pangano langa ndi alandilodi linali kutha kumapeto kwa mwezi.

Tsono chodabwitsa n'chakuti mpiru wa m'mabokosi ofiira unkasangalala kuposa unzake womwa tsiku lililonse. Masamba ake anali ngati zikhatho za munthu wamkulu.

"Dokotala, ufa nalo dzuwali."

Anali Wamafiriji, mwana wa alandilodi. Shopu yake yokonzera mafiriji inali pansi pa nyumbayo, ndipo msewu wonse unkamuitana ndi dzina la ntchito yake. Iye yekha ndiye ankanditchula Dokotala, ngakhale ndinamuuza kambirimbiri kuti digiri imeneyo sindinaiyandikire n'komwe. Tinadziwana tsiku limene thumba langa la dothi linaphulikira pamasitepe. Anabwera ndi tsache, nkhope ili bwinobwino, tinasesa mpaka kumaliza, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Chibwenzi chathu chinali chitatha miyezi isanu ndi itatu. Aliyense m'nyumbamo ankachidziwa, mayi ake okha ndiwo ankachita ngati maso awo amalekezera pansanja yachitatu.

Anandipatsa botolo la madzi ozizira, monga ankachitira masana aliwonse.

"Taona," ndinatero ndikuloza mabokosi ofiira. "Jagi imodzi pa sabata, dzuwa likuswa mtengo chonchi. Ndayeza kawiri, ndimayesa sikelo yafa."

"Ndiye wakondwa?"

"Ndikuopa kukondwa. Ine ndikakondwa matalala amamva."

Anaseka, koma maso ake anali kumsewu. "Mwezi watha unkalira pompano, utagwada pabokosi ili."

"Mwezi watha unkafota. Ndinkaona zaka zanga zonse zikufota nawo. Kenako ndinangoona wadzuka wokha."

"Mwina unamva kulira kwako."

"Mpiru ulibe makutu, iwe."

Anandichotsa kadothi patsaya ndi chala chonunkha oilo. "Ukakolola, ndikufuna tikakhale pansi ndi mayi, tilankhule ngati anthu. Ndatopa n'kukumana padenga ngati nkhunda."

Ndisanayankhe, mawu anakwera masitepe okha, osapuma panjira.

"Mlimi! Tatsika kuno!"

* * *

Chipinda chogona cha alandilodi chinali pansanja yachitatu, pansi penipeni pa mabokosi ofiira. Ndinawapeza atakhala pabedi, mkono uli m'lamba wa makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Wowayeza anali Anesi, namwino wochita lendi pansanja yachiwiri, mwana wa mnzawo wakalekale. Alandilodi sankabisa kuti mpongozi wa kumtima kwawo anali ameneyo. Anesi anali woyera zovala, wosalala manja, wodziwa kuseka pa nthawi yake. Ine ndinalowa ndi dothi m'zikhadabo.

"Taona kumwambako," anatero alandilodi.

Pamwamba pa wodilopu panali banga lalikulu lakuda, penti itafufuma. Pansi anali atatcherapo beseni. Ndili chiyang'anire, dontho linagwa: tho.

"Nyumba iyi tinamanga ndi malemu amuna anga, njerwa imodziimodzi. Zaka makumi awiri mvula ikugwa, sinadonthepo. Lero ikudontha m'chilimwe, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Sayansi yake ndi imeneyi?"

"Amayi, pamwamba pa chipinda chino pali mabokosi amene ndimathirira kamodzi pa sabata. Jagi imodzi singaboole simenti."

"Ndiye wabodza ndine. Nalo beseni ndi labodza."

"Sindinatero, amayi."

"Musakweze mawu, amayi, magazi athamanganso," anatero Anesi akumasula lamba. Kenako anawonjezera ngati akulankhula ndi makinawo: "Zimadabwitsa. Ophunzira amakhala ena, odwala nazo amakhala ena."

"Mwezi ukatha mabokosi ako atsike," anamaliza alandilodi. "Kiyi wa padenga undibwezere m'manja. Ndipo mwana wanga shopu yake ili pansi, osati kumwamba."

Ndinati ndamva. Masabata awiri otsalawo anali okwanira kukolola ndi kuyeza komaliza, choncho za mabokosi sindinadandaule. Chimene chinandibaya ndi mmene Anesi anawakonzera mtsamiro n'kuika makina mu dilowa yachiwiri osafunsa, ngati munthu wodziwa kale pokhala chinthu chilichonse m'nyumba imeneyo.

* * *

M'minibasi yobwerera kwathu foni inalira kawiri. Uthenga woyamba unali wa a Pulofesa, amene ankayang'anira kafukufuku wanga.

"Manambala ako ndawaona. Ngati ali oona, ndi nkhani yaikulu. Lachisanu kubwera amayi makumi atatu ochokera m'madera ovuta madzi. Udzawauze wekha kuti kamodzi pa sabata n'kokwanira."

Ndinawerenga katatu. A Pulofesa si munthu woyamikira. Pa zaka ziwiri ndi theka, mawu okoma kwambiri amene anandiuzapo anali akuti "pitiriza."

Wachiwiri unali wa Wamafiriji.

"Mayi amafuna chiyani?"

"Akuti denga likudontha. Akuti ndine."

Foni inaonetsa kuti akulemba. Anasiya. Anayambanso. Minibasi inadutsa masiteji awiri asanatumize kanthu.

"Ndikayang'anapo mawa."

"Anesi ako analiponso."

"Si anga."

"Amadziwa pokhala mtsamiro wa mayi ako."

"Ine ndimadziwa pokhala sikelo yako. Ukafika udye, Dokotala. Usangogwera pabedi ngati dzulo."

Ndinamwetulira ndekha, mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi mpaka anandiyang'ana cham'mbali. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanadzifunsa chifukwa chake munthu woyankha msanga chotere anatenga masiteji awiri kuti alembe mawu awiri. Koma wotopa akapeza pokondwera safunsa zambiri.

* * *

Lachinayi ndinalawirira, chinthu chimene sindinkachita. Ndinkafuna kujambula mpiru dzuwa lisanakwere kuti ndikaonetse amayi aja zithunzi zabwino. Pansanja yachiwiri ndinakumana ndi Anesi akutsekula chitseko chake, ali m'yunifolomu, maso ofiira ndi ntchito ya usiku.

"Mwalawirira lero, a Mlimi. Mwabwera kudzayendera wantchito wanu?"

"Wantchito wanga uti?"

"Ha, musachite ngati simukudziwa. Ine ndikaweruka ndimafika pano kusanache bwino. Tsiku lililonse ndimakumana naye pamasitepe pano, ndowa ziwiri m'manja, thukuta lili kamukamu. Munthu wa shopu yake, mwana wa eni nyumba, mwamusandutsa wothirira dimba inu muli m'tulo kwanu. Sukulu imaphunzitsa zambiri ndithu."

Chikwama chinandilemera paphewa. "Amathirira mabokosi ati?"

"Ine ndi mlimi ngati? Tsiku lina ndinakwera kukamuuza kuti akudzichotsa ulemu. Ndinamupeza pa aja a tinsalu tofiira. Akuti ndiwo akuzunzika. Ino ndi sabata yachisanu."

Anaima pakhomo kudikira kuti ndichite manyazi. Iye ankangofuna kundionetsa kuti mayendedwe a Wamafiriji amawadziwa kuposa ine. Sankadziwa kuti kamwala kamene anaponya kuti kandigunde chala kandiphwanya mutu.

Ndinakwera padenga. Pakhomo la padenga simenti inali yonyowa, ndi zidindo za nsapato zimene ndikanazizindikira ngakhale mumsika. Ndinagwada pabokosi lofiira loyamba n'kulowetsa dzanja. Matope mpaka m'chigongono, Lachinayi, masiku atatu chithirireni jagi yanga. Madzi anali atasefukira pansi pa mabokosi n'kudikha pakona pomwe pali mng'alu waung'ono, pamwamba pa wodilopu ya alandilodi. Masana dzuwa linkaumitsa zonsezi ine ndisanafike. Chinyontho chimene ndinkayeza n'kumalemba monyadira kuti dothi langa likusunga madzi chinali cha m'ndowa zake.

Ndinakhala pansi pakati pa mpiru wokongolawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kabuku kanga konse ka masabata asanu kanali bodza, ndipo bodzalo ndinalilemba ndi dzanja langa, mizere yowongoka bwino.

* * *

Ndinamupeza m'shopu, mutu uli kuseri kwa firiji yoitsekula kumsana.

"Unayamba liti?"

Anatuluka pang'onopang'ono. Anayang'ana matope a m'dzanja langa, n'kuika sipanala pansi. Pa ichi chokha ndimamuyamikira: sanayerekeze kufunsa kuti kuyamba chiyani.

"Mawa lake la tsiku lija unalira."

"Ndowa zingati?"

"Ziwiri. Kukatentha kwambiri, zitatu."

"Ndinakuuza kuti ofiira sathiriridwa."

"Unandiuza. Unandiuzanso kuti akafa ndiye kuti zaka zako zafa. Ndinasankha choti ndimvere."

"Ndinkafuna kudziwa ngati afe kapena ayi! Funso lake linali limenelo, iwe! Akanafa, likanakhala yankho. Loipa, koma yankho, ndipo ndikanamaliza nalo. Panopa ndilibe loipa, ndilibe labwino. Ndili ndi mpiru basi."

"Ine ntchito yanga ndi kukonza zinthu, Dokotala. Munthu akandibweretsera firiji ikufa, sindikhala pansi ndi kabuku kumalemba mmene ikufera. Manja amandiyabwa. Ndinkakuona ukutha thupi, ukukwera masitepe ngati wasenza nyumba yonseyi. Ndinati ndowa ziwiri n'chiyani."

"Nanga dontho la m'chipinda cha mayi ako?"

Anayang'ana pansi.

"Unandisiya ndiime pamaso pawo ngati wabodza, Anesi akundiseka."

"Ndimati ukangokolola ndisiya, ndikamata mng'alu, palibe adziwe." Anapukuta manja ndi kansanza kamene kanali kakuda kuposa manjawo. "Ndipo mpaka pano akudziwa ndani? Ine ndi iwe. Anesi sakumvetsa n'komwe chimene anaona. Atsala masabata awiri. Ungolemba, umalize, kenako..."

"Mawa ndikauze amayi makumi atatu kuti azithirira kamodzi pa sabata? Akasenze dothi, akadzale, mpiru wawo ukafe? Kapena iwe uzidzuka m'mamawa kukawathirira onsewo?"

Firiji ina pakona inayamba kulira yokha.

Ndinkafuna kukuwa mpaka msewu wonse umve. Ndinangokhala pa firiji yakufa imene inagona pafupi ndi khomo. Chopweteka chinali chakuti palibe munthu anandikondapo chonchi, kudzuka mbandakucha masabata asanu, kusenza madzi nsanja zitatu, osafuna ndi zikomo yemwe. Ndipo palibe munthu anandiwonongerapo chonchi, ngakhale mbalame ndi matalala kuziphatikiza. Amati chifundo chidapha nkhwali, koma apa wachifundo anali wamoyo, wakufa ndinali ine.

"Ndikonza," anatero.

"Usakonze kanthu. Chonde. Manja akowo uwaike m'thumba."

* * *

A Pulofesa anamvetsera atavula magalasi, akutikita pakati pa maso.

"Anathirira ndani?"

"Munthu wa m'nyumbamo. Ankafuna kuthandiza."

"Othandiza awononga kafukufuku wambiri kuposa mbalame." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ukanatha kukhala chete. Sindikanadziwa."

"Ndikanadziwa ine."

Anavalanso magalasi. Anati amayi aja awauza abwere nthawi ina. Anati akhoza kundipemphera miyezi inayi, yomaliza yeniyeni, yopanda inanso kumbuyo kwake. Koma ndinkayenera kudzala padenga lomwelo, chifukwa zonse zimene ndinayeza za kutentha ndi mphepo m'zaka ziwiri zinali za pamenepo, ndipo denga lina likanatanthauza kuyambira pa tsamba loyamba.

"Lolemba ubwere ndi kalata ya mwini nyumba, yosainidwa. Popanda kalata sindingakuthandize. Ndipo ulendo uno chitseko chizikhala ndi loko amene wothandiza wakoyo alibe kiyi wake."

Ndinatuluka ndikuganiza za beseni lija ndi nkhope ya mwini wake. Kupempha miyezi inayi kwa munthu amene akuwerenga masiku kuti uchoke, ndi bwino kupempha mvula m'chilimwe.

Foni inali itadzaza ndi mauthenga a Wamafiriji. "Pepa." "Wadya?" "Ndikudziwa sukufuna kundimva." "Pepa kachiwiri." Sindinayankhe ngakhale umodzi. Lachisanu masana unabwera wina wautali pang'ono.

"Ndawauza mayi zonse. Ndanena kuti dontho ndi langa, iwe ulibe mlandu. Ndawauzanso kuti ufunika denga nthawi ina yowonjezera. Akuti ubwere mawa."

Ndinaika foni chafufumimba patebulo. Munthu ndinamuuza kuti manja aike m'thumba, iye wapita kukakonzanso.

* * *

Loweruka alandilodi anandilandira pabalaza, ali okha. Patebulo panali makapu awiri a tiyi. Pa zaka ziwiri ndi theka anali asanandipatsepo ndi madzi akumwa omwe, choncho tiyi ameneyo anandiopsa kuposa kukalipa kwawo.

"Khala pansi, mwana wanga."

Ndinakhala m'mphepete mwa mpando, kalata ya ku yunivesite yoti asaine ili pamiyendo.

"Ndinakunamizira za denga. Pepa. Ine ndikalakwa ndimanena." Anathira shuga n'kutakasa mosafulumira. "Mwana uja ndamulera ndekha kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Akaswa kapu ankabwera nazo yekha zidutswa kudzandionetsa. Masabata asanu ndakhala ndikumufunsa za dontho, iye kundiyang'ana m'maso n'kumati sakudziwa. Ine ndikugona ndi beseni, iye akukhuthula ndowa pamutu panga. Sanandinamizepo mpaka iwe utabwera."

"Sindinamutume, amayi."

"Ndikudziwa. N'chimene chikundiopsa. Ukanamutuma, ndikanakukalipira n'kutha. Wachita yekha."

Nanenso chinkandiopsa n'chomwecho.

"Si kuti ndimadana nawe. Ndiwe wolimbikira, ndimakumva pamasitepe. Koma ukamaliza, upita. Anthu a madigiri sakhalira pansi pa nyumba pamodzi ndi mafiriji akufa. Ntchito idzakuitana kutali. Iye adzatsala akuyang'ana kumwamba ngati wopenga, kapena adzakutsata n'kundisiya ndekha ndi masitepe awa ndi magazi angawa. Zonse ziwiri sindikuzifuna. Bwera nayo kalatayo."

Anaiwerenga yonse, mzere ndi mzere, milomo ikuyenda. Anasaina, koma sanandibwezere. Anaiika patebulo, pamwamba pake n'kusanjikapo loko watsopano ndi kiyi mmodzi.

"Miyezi inayi. Kiyi ndi yekhayu, wako. Mng'alu ndimatitsa ndekha. Koma mwana wanga umusiye. Osati kumuzemba kuti azikudikira, ayi. Umusiye amve kuti zatha. Ndipo zimene takambirana pano zithere pano. Tsiku limene ndidzamve kuti wamuuza, kapena ndidzakuoneni muli awiri, mabokosi ako adzatsika tsiku lomwelo, kaya mpiru uli ndi masamba angati."

"Amayi, mukundipempha chinthu cholemera."

"Sindikupempha. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Sankha limodzi ubisalemo."

Ndinayang'ana kiyi uja. Ndinaganiza za bambo anga, amene anauza kale anzawo onse a kuntchito kuti mwana wawo amaliza chaka chino, ndipo akandiimbira foni amayamba ndi kufunsa za mpiru asanafunse za ine. Ndinaganiza za matumba onse a dothi amene ndinakwera nawo. Ndinaganizanso za munthu wosenza ndowa ziwiri kusanache.

Ndikanakonda ndikanati ndinaimirira n'kuwakankhira kalata yawoyo. Sindinatero. Ndinadziuza kuti miyezi inayi si moyo wonse, kuti ndikamaliza ndidzamufotokozera, kuti adzamvetsa. Ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza, chifukwa miyezi inayi ndi yaitali kwa mwamuna wosiyidwa amene pansanja yachiwiri pali munthu womudikira. Ndinatenga kalata, loko ndi kiyi.

"Imwa tiyi," anatero alandilodi.

"Zikomo, amayi. Sindimwa."

Ndisanafike pachitseko anali atatenga kale foni. "Anesi, wadzuka? Madzulo ukwere kuno, tidzadye tonse atatu."

* * *

Wamafiriji anali atakhala pamasitepe, kunja kwa chitseko cha mayi ake, atavala malaya oyera amene sankavala ku ntchito. Ataona loko m'dzanja langa anadzuka, nkhope yonse itawala.

"Avomera eti? Waona? Ndinakuuza kuti ndikonza!"

Chitseko kumbuyo kwanga sichinatsekeke bwino. Ndinamva kapu ikuikidwa pa sosala, kenako bata.

"Ulendo uno sindikhudza kanthu, ndalumbira," anapitiriza. "Ndizingokunyamulira dothi mpaka pakhomo, n'kubwerera. Ngakhale mpiru undiitane ndi dzina sindicheuka. Tiyamba liti, Lolemba?"

"Dothi ndinyamula ndekha."

"Ukadali wokwiya. Chabwino, ndi zoyenera. Kwiya sabata, kwiya mwezi, ine ndili pansipa."

"Sindinakwiye. Ndatopa. Ndatopa ndi mpiru, ndatopa ndi nyumba ino, ndatopa ndi iwe. Usandidikire."

Kumwetulira kunatsala pakamwa pake kanthawi, ngati sikunamve uthenga. "Dokotala..."

"Usamanditchule choncho. Zatha. Ndipatse njira."

Anandiyang'ana m'maso, kufunafuna chimene chafa kuti achikonze. Ndinayang'ana khoma. Anasuntha, ndipo ndinamudutsa pafupi kwambiri moti ndinamva fungo la sopo ndi oilo amene sachoka. Ndinakwera masitepe otsalawo osacheuka, n'kutseka chitseko cha padenga, n'kukoleka loko watsopano cham'kati. Anatsekeka mofewa, ngati chinthu chamtengo wapatali.

Mpiru wa m'mabokosi ofiira unali wokongola kuposa wonse umene ndinalimapo. Ndinagwada n'kuyamba kuuzula, chifukwa dothi linkayenera kuuma ndisanadzalenso. Unkazuka movuta, mizu itagwira bwino. Misozi inkagwera m'bokosi, ndipo ndinadzipeza ndikusuntha nkhope kuti isagweremo, poopa kuwonjezera madzi.

Ndili pabokosi lachitatu ndinamva mapazi akukwera pang'onopang'ono. Sanagogode. Ndinangomva botolo likuikidwa pansi kuseri kwa chitseko, kenako munthu akukhala pansi n'kutsamira chitsekocho. Kiyi anali m'thumba langa, akundibaya pantchafu.

Pansi, alandilodi anaitana mwana wawo. Anadikira pang'ono, n'kuitananso mokweza. Mapazi ake sanatsike. Kenako ndinamva chitseko cha pansanja yachitatu chikutsekuka, ndi masilipasi a mayi ake akuyamba kukwera.